Mbiri ya shopu yathu yoika masipika m'galimoto zakale

Shopu yathu ili ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, pakati pa magalaja ndi ogulitsa zipangizo za galimoto, ndipo ntchito imene timadziwika nayo ndi yosankha ndi kuika masipika atsopano m'galimoto zimene zayenda zaka zambiri. Ndisanatsegule shopuyi ndinkagwira ntchito zonse za magetsi a galimoto, kukonza nyali, masitata ndi mawaya opsa, pabenchi imene mnzanga wina anandipatsa pakhonde la galaja yake. Chimene chinandikokera ku masipika ndi mtundu wa galimoto zimene zadzaza misewu yathu, zogulidwa ku Japan zitagwira kale ntchito, zimene zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Songwe. Zambiri zimafika injini ili bwino ndithu, mipando ili yoyera, koma mwini wake akangotsegula wayilesi amamva kulira kwa pepala long'ambika m'chitseko, ndipo panthawiyo ndinkaona kuti amisiri ambiri ankangotenga sipika iliyonse imene ili pafupi n'kuikakamiza pabowo popanda kuyeza chilichonse.

Makasitomala anga oyamba sankabwera ndi dandaulo la masipika. Ankabwera chifukwa wayilesi ya m'galimoto yawo inkagwira nyumba zoulutsira mawu zochepa kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti mawayilesi opangidwira msika wa ku Japan amagwira FM kuyambira pa 76 kufika pa 90, pamene kuno timaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108, motero nyumba zambiri zimene Mmalawi amafuna kumva zimakhala kunja kwa malire a wayilesiyo. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa band expander, kamene timalumikiza pawaya wa eriyo kuseri kwa dashibodi, ngakhale kuti nambala yooneka pawayilesi imasiyana ndi nambala yeniyeni ya nyumbayo. Munthu akayamba kumva nkhani ndi mpira bwinobwino, m'pamene ankazindikira kuti mawu akutuluka mbali imodzi yokha kapena akunjenjemera, ndipo ankabwerera kudzafunsa ngati tingakonzenso zimenezo. Umu ndi mmene ntchito ya masipika inakulira mpaka ndinachita lendi chipinda changa n'kutenga achinyamata awiri oti ndiwaphunzitse.

Sipika yobwera ndi galimoto kuchokera kufakitale nthawi zambiri imakhala ya pepala, yokhala ndi mkombero wa thovu kapena wa nsalu umene umalola pepalalo kupita kutsogolo ndi kumbuyo. Mkombero wa thovuwo ndi umene umayamba kufa, chifukwa umauma n'kumafumbutuka ukaukhudza ndi chala. Kutentha kwa mwezi wa October kumafulumizitsa zimenezi, makamaka pamasipika a kumbuyo kwa galimoto monga Toyota Corolla ya buti, amene amakhala pansi pa galasi lalikulu dzuwa likuwawomba tsiku lonse. A m'zitseko amaphedwa ndi madzi. Anthu ambiri sadziwa kuti mvula imalowa m'kati mwa chitseko cha galimoto iliyonse kudzera m'mbali mwa galasi, ndipo imayenera kutulukira m'timabowo tapansi pa chitsekocho. Fumbi la m'misewu yathu likatseka timabowoto, madzi amadikha m'menemo nyengo yonse ya dzinja, maginito amachita dzimbiri ndipo pepala limafewa. N'chifukwa chake pashopu pathu sitiika sipika yatsopano tisanatsegule timabowo timeneti, chifukwa kupanda kutero ndalama ya kasitomala imawola pamodzi ndi chitsekocho.

Lamulo loyamba limene ndinaphunzitsa anyamata anga n'lakuti tisagulitse sipika tisanatsimikize kuti yakaleyo yafadi. Nthawi zambiri chimene chaduka ndi waya, pamalo pamene mawaya amachoka m'thupi la galimoto kulowa m'chitseko kudzera m'kapaipi ka labala, chifukwa pamenepo amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa. Timayeza ndi mita: sipika yamoyo ya ma ohm 4 (muyeso wa mmene sipika imaletsera magetsi kudutsa) imaonetsa nambala yotsikirapo pang'ono, cha m'ma 3 ndi kanthu, ndipo ikapanda kuonetsa chilichonse ndiye kuti koyilo yake, kawaya kopyapyala kokulungidwa m'kati mwake, yapsa kapena yaduka. Tikapeza kuti vuto ndi waya, timalumikiza wayayo n'kulipiritsa ntchito yokhayo. Pali eni mashopu amene amaona ngati kumeneko n'kutaya malonda, koma ine ndaona kuti munthu amene wauzidwa zoona pa waya ndi amene amabwera ndi galimoto ya mlamu wake mwezi wotsatira.

Sipika ikakhala kuti yafadi, kusankha yatsopano kumayambira pagalimoto yeniyeniyo, bokosi la m'sitolo limabwera pambuyo. Timachotsa chophimba cha chitseko n'kuyeza zinthu ziwiri, kukula kwa bowo ndi kuya kwake. Masaizi ofala ndi masentimita 10, 13 ndi 16, amene ogulitsa ambiri amawatchula m'mainchesi kuti 4, 5.25 ndi 6.5, komanso yaitali ija ya 6x9 imene imaikidwa kumbuyo. Toyota Probox ndi ma Hilux akale amakhala ndi timasipika ta masentimita 10 m'dashibodi, pamene Corolla ya m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 ili ndi a masentimita 16 m'zitseko, omangidwa ndi maliveti amene amafunika kuboola kuti achoke. Kuya kwa bowo ndi kumene kumaiwalika kawirikawiri, koma n'kofunika kuposa kukula kwake, popeza kuseri kwa sipika ndi kumene galasi limatsikira. Sipika ya maginito aakulu imatha kukwana bwino galasi lili m'mwamba, koma dalaivala akalitsitsa limagunda maginitowo, mwina n'kusweka kapena kuwononga makina olikweza. Choncho timayeza galasi litatsitsidwa mpaka pansi, ndipo malo akachepa timaika mkombero wokweza sipikayo pang'ono, bola isakhudze chophimba cha chitseko ikamagwedezeka.

Nkhani imene timakambirana nthawi yaitali ndi makasitomala ndi ya mawati. Munthu amalowa m'shopu n'kunena kuti, "Bwana, ndipatseni ya mawati 1000, ndikufuna izimveka," chifukwa nambala imeneyo ndi imene yalembedwa ndi zilembo zazikulu pabokosi. Ndimamupempha kuti atembenuze bokosilo tione nambala yaing'ono yolembedwa RMS, imene imanena mphamvu imene sipikayo ingapirire kwa nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri imakhala yotsika kwambiri poyerekeza ndi yaikulu ija. Kenaka ndimamufotokozera kuti nambala ya pasipika siinena mphamvu imene sipikayo imatulutsa, imangonena mphamvu imene ingalandire, ndipo yopereka mphamvuyo ndi wayilesi. Wayilesi wamba ya m'galimoto, ngakhale yolembedwa kuti 50W x 4, imapereka mawati enieni a pakati pa 15 ndi 22 pasipika iliyonse, ndipo zobwera ndi galimoto zakale zimapereka ochepera pamenepo. Kulumikiza sipika yolemera, yofuna mawati ambiri, kuwayilesi yotereyi kuli ngati kumangirira ngolo yodzaza chimanga kwa kamwana ka ng'ombe. Mawu amatuluka ofooka, mwini wake amakweza voliyumu mpaka mapeto, wayilesi imayamba kutulutsa mawu ophwanyika, ndipo mawu ophwanyikawo ndi amene amatenthetsa koyilo mpaka kupsa. Ambiri mwa masipika opsa amene ndawachotsa m'galimoto anaphedwa ndi wayilesi yofooka yokakamizidwa, pamene eni ake ankaganiza kuti anaphedwa ndi kuchuluka kwa mphamvu.

Nambala imene ndimaiyang'ana poyamba ndikamasankhira galimoto yopanda ampu (chipangizo chowonjezera mphamvu yopita kumasipika) ndi yolembedwa dB, imene imanena kukweza kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa mphamvu yochepa. Kusiyana kwa ma dB 3 kumaoneka kochepa papepala, koma kumatanthauza kuti sipika ya 91 imafuna theka la mphamvu imene ya 88 ingafune kuti zimveke mofanana. Ndiye kwa munthu amene akusunga wayilesi yake yakale, ndimamulangiza sipika yopepuka, ya dB yokwera, ya mkombero wa labala ndi pulasitiki yosaopa chinyezi m'malo mwa pepala, yokhala ndi katwita (kasipika kotulutsa mawu ang'onoang'ono) pakati pake. Mtundu umenewu ndi wosavuta kuika ndipo umakwanira anthu ambiri. Masipika ogawika, amene twita yake imaikidwa payokha m'mwamba pafupi ndi galasi la kutsogolo, amamveka bwino kwambiri chifukwa mawu ang'onoang'ono amafika kukhutu m'malo mothera m'miyendo, koma amafuna ntchito yambiri ndi ndalama zambiri, ndipo sindimukakamiza munthu amene cholinga chake n'kumva nkhani za m'mawa popita kuntchito.

Za ma ohm timakambirana kwambiri ndi eni maminibasi. Masipika ambiri a galimoto ndi a ma ohm 4, ndipo wayilesi inapangidwa kuti panjira iliyonse pakhale imodzi yotero. Mwini minibasi amafuna kuti nyimbo zifike mpaka mpando wakumbuyo, ndiye amapempha kuti tilumikize masipika awiri kapena atatu panjira imodzi. Koma awiri a ma ohm 4 akalumikizidwa mbali ndi mbali amakhala ma ohm 2, wayilesi imakoka magetsi ambiri, imatentha, ndipo pamapeto pake imafa. Ntchito yotereyi timaikana mwaulemu, n'kuwalangiza kuti agule ampu yaing'ono yokhala ndi fyuzi yake pafupi ndi batire. Ena amakwiya n'kupita kwina, ndipo zimenezo ndinazivomereza, chifukwa waya wosatetezedwa ndi fyuzi m'galimoto yonyamula anthu ndi nkhani ya moyo.

Pakuika penipenipo m'pamene pamaonekera mmisiri. Timayamba ndi kuchotsa waya wa negetivu pabatire, ndipo mawaya okutidwa ndi chikasu a ma airbag sitiwakhudza n'komwe. Timapini ta pulasitiki togwira chophimba cha chitseko timakhala titauma m'galimoto yakale, motero timachotsa pang'onopang'ono ndipo timasunga ena atsopano m'kabati, chifukwa kapini kamodzi kosowa kamachititsa chitseko chonse kulira besi ikagunda. Pepala la pulasitiki lomatidwa m'kati mwa chitseko, limene amisiri ena amaling'amba n'kulitaya, ife timalimatanso, popeza ndi limene limaletsa madzi kufika pachophimba. Mkombero wokwezera sipika timakonda wa pulasitiki. Ukakhala wa thabwa timaupaka penti mbali zonse kuti usafufume ndi chinyezi. Pakati pa sipika ndi chitsulo timaika thovu lopyapyala kuti pasakhale mpata, chifukwa mpweya wa kuseri kwa sipika ukadutsa n'kukumana ndi wa kutsogolo, besi imatha. Mawaya timawotcherera ndi mtovu n'kuwaveka kapaipi kofota ndi moto, sitingowapota n'kukulunga tepi, imene imamatuka galimoto ikatentha.

Pali chinthu china chaching'ono chimene chimawononga ntchito yonse chikalakwika, ndicho kusinthanitsa pozitivu ndi negetivu pasipika imodzi. Sipikayo imalirabe, koma pamene inzake ikukankhira kutsogolo iyo imakokera kumbuyo, ndipo mawu akuluakulu amafafanizana. Chizindikiro chake n'chakuti besi imawonjezeka ukapititsa mawu mbali imodzi yokha, n'kuchepa ukawabwezera pakati. Mawayilesi ogula padera monga Pioneer, Kenwood, Sony ndi JVC amatsata mitundu yofanana ya mawaya: oyera ndi a kutsogolo kumanzere, otuwa kutsogolo kumanja, obiriwira kumbuyo kumanzere, apepo kumbuyo kumanja, ndipo wokhala ndi mzere wakuda ndiye negetivu. Mawaya a fakitale satsata zimenezi, choncho timagwiritsa ntchito batire la tochi la mavoti 1.5: tikaligunditsa pamawaya a sipika kwa kanthawi kochepa, mbali yake yogwedezeka ikatulukira kunja ndiye kuti waya umene uli kumutu kwa batirelo ndi pozitivu. Twita sitiiyeza motero chifukwa koyilo yake ndi yopyapyala. Tikakumana ndi galimoto yakale kwambiri imene negetivu ya masipika inalumikizidwa kuthupi la galimoto, timakoka mawaya atsopano, popeza wayilesi zamakono zimatha kupsa zikalumikizidwa mwanjira imeneyo.

Kumbali ya malonda, chovuta chachikulu chakhala mtengo wa katundu, chifukwa sipika iliyonse imene timagulitsa imachokera kunja, yambiri kudzera ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imene tinkagulira makatoni angapo inayamba kukwanira ochepa, ndipo makasitomala ambiri anayamba kufunsa zotsika mtengo. Panthawi yomweyo katundu wachinyengo anachuluka, wolembedwa mayina a makampani odziwika koma wa maginito opepuka ndi katwita kongokongoletsa kopanda waya. Ndinasankha kusunga mitundu yochepa imene ndimaidziwa bwino, ndipo amene alibe ndalama zokwanira masipika anayi ndimamulangiza kuti ayambe ndi awiri abwino a kutsogolo, pamene iye amakhala, akumbuyo adzabwere akapeza ndalama. Amene wabwera ndi masipika ake ogula kwina timamuikira, koma timamuuza maganizo athu pa katunduyo tisanamasule sikuluwu ngakhale imodzi.

Tinapanganso bolodi la thabwa pakhoma la shopu, lokhala ndi masipika a masaizi osiyanasiyana olumikizidwa kuwayilesi wamba ya galimoto ndi batire, popanda ampu, kuti kasitomala amve ndi makutu ake zimene adzamve m'galimoto yake, ndipo bolodili limagwira ntchito ngakhale magetsi atathima. Mmodzi wa anyamata amene ndinawaphunzitsa tsopano amamanga yekha zitseko zonse zinayi, ndipo winayo wayamba kuphunzira kusintha mikombero ya masipika a fakitale amene koyilo yake ikadali yamoyo, ntchito imene tikufuna kuikulitsa chaka chino chifukwa imapulumutsa ndalama za eni galimoto amene sangakwanitse kugula atsopano. Tili ndi kope limene timalembamo kukula ndi kuya kwa bowo la galimoto iliyonse imene yalowa pashopu pano, ndipo munthu akatiimbira foni kuchokera ku Kasungu kapena ku Dedza n'kutchula mtundu wa galimoto yake ndi chaka chake, timatha kumuuza sipika yoyenera ndi mtengo wa ntchito asananyamuke kunyumba.