Buku ili landisowetsa tulo

Anzanga, buku lomwe ndabwereka kulaibulale ya pasukulu pathu landisowetsa tulo. Muli mtsikana amene akukana banja lomwe amalume ake amukonzera, n'kusankha kupitiriza maphunziro. Ena omwe aliwerenga akuti ndi wamwano. Ine ndikukana. Kwathu kuno ku Nsanje nkhani ngati imeneyi timaiona ndi maso: Shire akasefukira n'kukokolola chimanga cha kudimba, ng'ombe za malowolo zimaoneka ngati chipulumutso cha banja lonse. Chikhalirecho kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati munthu asanakwanitse zaka 18.

Chandikhudza kwambiri n'choti mtsikanayo sadana ndi makolo ake. Amalima nawo, amawatungira madzi pamjigo, koma za tsogolo lake akusankha yekha. Ine ndikalemba MSCE ndikufuna unamwino, ndipo amayi ndawauza kale.