Musanayerekeze sukulu zogonera, funsani izi

Makolo anzanga a ku Zomba, musapusitsidwe ndi mawu a sukulu oti "ana athu onse anakhoza MSCE". Kukhoza kokha sikulowetsa mwana ku yunivesite.

MANEB, yomwe imayendetsa mayeso, imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointsi amawerengera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino kwambiri, ndiye otsogola amapeza mapointsi 6. Mayunivesite a boma amafuna ma credit asanu ndi imodzi, Chingerezi chikhalepo. Apa ndi pamene ambiri amagwera: mwana wakhoza Masamu ndi Biology bwinobwino, koma Chingerezi wapeza 7, khomo latsekeka. Choncho afunseni ahedi: analemba angati, ndipo amene anakwanitsa ma credit amenewa ndi angati? Funsaninso kuti gulu lomwelo linali ndi ana angati ku Fomu 3, chifukwa sukulu zina zoyima pazokha zimachotsa ofooka mayeso asanafike kuti zotsatira zioneke zokongola.

Kuyerekeza Zomba Catholic, St Mary's kapena Malosa ndi CDSS (sekondale yoyendera) ya kumudzi si chilungamo ayi. Sukulu za national ngati zitatuzi zimalandira ana amene anaposa anzawo pa mayeso a Sitandade 8 dziko lonse, pomwe CDSS imatenga a m'mapulayimale oyandikana nayo, ambiri oyendera mtunda wautali ndipo m'ma CDSS ambiri mulibe labu.

Mukapita kukaona sukulu, lowani mu labu ndi mu hostel, muonenso zimene ana amadya.