Kuchokera ku Chileka kupita ku Nchalo pa ndege ya Cessna 172

Tinanyamuka pa Chileka dzuwa lisanakwere, chifukwa aphunzitsi anga sakonda kuuluka kuchigwa masana mu Okutobala. Titangodutsa zitunda zija msewu wa M1 umakhotakhota potsikira ku Thabwa, nthaka inangotitalikira pansi. Posakhalitsa mlatho wa Kamuzu uwo, Shire akuyenda mwakachetechete, kutsogolo minda ya nzimbe ya ku Nchalo ili biriwiri pakati pa dziko louma.

Zonsezi ndinaziona bwino chifukwa mapiko a Cessna ali pamwamba. Ine ndinayambira pa Piper Warrior ku South Africa, ndege ya mapiko am'munsi, imene ukati uyang'ane pansi umangoona phiko. Wophunzira amapeza njira ndi maso, kufananiza mapu ndi mtsinje, msewu ndi midzi, ndiye kuona pansi n'kofunika kwambiri. Phiko lapamwamba limachitanso mthunzi, ndipo amene anakhalapo ku Chikwawa akudziwa mtengo wa mthunzi. Cessna ili ndi zitseko ziwiri, pomwe Warrior ili ndi chimodzi chokha, mbali ya mphunzitsi.

Warrior ndimailemekezabe. Pokhota kuti utere umaliona bwalo bwinobwino, pomwe phiko la Cessna limakutchingira mbali imene ukukhoterayo. Imakuzolowezanso kusamala mafuta, poti uyenera kumasintha wekha thanki yakumanzere ndi yakumanja. 172 imatha kumwa m'mathanki onse awiri nthawi imodzi.

Titatera ku Nchalo ndinafunsa za Cessna 152, ija ya mipando iwiri, poti ndi yotsikirapo mtengo ndipo ambirife thumba ndi lomwe limatisankhira.

"Aphunzitsi, bwanji osangophunzirira yaing'onoyo?"

"Achimwene, taimani kaye padzuwapo mumve," anatero.

Nchalo ili pansi, yosafika ndi mamita 100 pamwamba pa nyanja, koma kutentha kukafika madigiri 40 mpweya umapepuka. Injini imachepa mphamvu, ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo imakwera movutikira. Injini ya 152 ili ndi mphamvu ya horsepower 110. Mukakwera amuna awiri athupi n'kudzaza mathanki, mwina mwapyola kale kulemera kololedwa. 172 ili ndi 160 kapena 180, ndipo mphamvu yotsalayo ndi imene imapulumutsa wophunzira akachedwa kuganiza. Komanso 152 anasiya kuipanga mu 1985, pomwe 172, imene inayamba kupangidwa mu 1956, ikupangidwabe ndipo zapangidwa zoposa 44,000, motero zipangizo ndi amakaniko oidziwa sizisowa.

Pobwerera kunali kutatentha. Mpweya wokwera kuchokera m'minda unkatigwedeza ngati minibasi pamsewu wafumbi, ndipo tinayenera kukwera kupyola zitunda, poti Chileka ili pafupifupi mamita 780. Aphunzitsi anandiuza kuti ndizungulire kaye pamwamba pa Shire mpaka titakwera mokwanira, kenako ndilunjike ku Blantyre.