Kope langa la nkhonya: tsamba la Usyk ndi Dubois

Ndikulemba pa 15 Julaye 2025: kwatsala masiku anayi kuti Oleksandr Usyk ndi Daniel Dubois akumanenso pa bwalo la Wembley ku London, Loweruka pa 19 Julaye 2025. Usiku wathawu ndaoneranso nkhonya yawo yoyamba kachitatu, pa foni, chifukwa magetsi kuno ku Chilenje anali atathima. Ndalemba kale amene ndikuona kuti apambana, ndipo ndalemba ndi bolopeni kuti ndisafufute.

Kwa amene simunaonepo kope langali: ndinaliyamba mu 2019, Andy Ruiz atagwetsa Anthony Joshua ku New York. Nkhonya iliyonse ya olemera kwambiri imene ikubwerezedwa, ndimaonera yoyambayo nditazimitsa mawu, n'kumapereka ndekha mapointi raundi ndi raundi, 10 kwa wopambana, 9 kwa mnzake, monga amachitira oweruza. Mawu ndimazimitsa chifukwa owulutsa akakuwa, khutu limanamiza diso. Chibakera chogunda pa gulovu chimamveka ngati chafika pachibwano.

Chimene kopeli landiphunzitsa ndi funso limodzi: wogonja uja anagonja chifukwa cha iye mwini, kapena chifukwa cha mnzake?

Lennox Lewis ndiye chitsanzo chomwe ndimachikonda. Mu Epulo 2001 anapita ku Brakpan, kufupi ndi Johannesburg, mochedwa, thupi lisanazolowere mpweya wa kumtunda, pomwe Hasim Rahman anali atakhalako kale milungu ingapo. Amene munabwerapo ku Lusaka kuchokera ku chigwa cha Luangwa n'kuyesa kuthamanga mukudziwa mmene chifuwa chimawawira, ndipo Johannesburg ndi yokwera kuposa kuno. Chakudza sichiimba ng'oma: dzanja lamanja la Rahman linafika mu raundi 5, Lewis n'kugona chagada. Koma vutolo linali lake lomwe, lotheka kulikonza. Mu Novembala chaka chomwecho ku Las Vegas anabwera atakonzeka, ndipo Rahman sanapitirire raundi 4. Za Joshua ndi Ruiz zinayendanso choncho. Joshua anasiya kusinthana zibakera pafupi, n'kumamenyera patali, pomwe Ruiz anafika ku Saudi Arabia akulemera mapaundi 283, kuchoka pa 268 a nkhonya yoyamba. Imeneyo ndinailosera bwino, ndipo ndi tsamba loyamba m'kopemu.

Tsamba lomwe limandipweteka ndi la Disembala 2024. Ndinalemba kuti Tyson Fury abwezera kwa Usyk. Ndinadziuza kuti mu Meyi anagonja chifukwa cha masewera, kuseka ndi kutsamira pa zingwe, ndipo akasiya zimenezo msinkhu wake umuthandiza. Oweruza onse atatu anapereka 116-112 kwa Usyk. Nditabwerera ku mapointi anga a nkhonya ya Meyi ija, ndinapeza kuti yankho linali momwemo: kuyambira raundi 8 maraundi ambiri ndinali nditapereka kwa Usyk, ndipo mu raundi 9 Fury anaimirira chifukwa cha zingwe basi. Sanali masewera amene anamugonjetsa. Anali munthu amene amamuwerenga mnzake maraundi oyamba, kenako n'kumuthyola akatopa. Dzanja langa linalemba zoona mu Meyi, mtima wanga n'kukana kuziwerenga mu Disembala.

Tsono Dubois ali mbali iti?

Lamulungu ndinali ku Matero kwa amalume anga, amene anaonera Lottie Mwale, wankhonya wotchuka wa kuno ku Zambia, ali pachimake ndipo mpaka lero amayezera wankhonya aliyense pa iye. Iwo ali kwa Dubois ndi mtima wonse. "Mphwanga," anatero, "mnyamata uja anapambana kale ku Poland, anangomubera." Akunena za raundi 5 ku Wroclaw mu Ogasiti 2023, pomwe Dubois anamenya pamzere wa lamba wa kabudula, Usyk n'kukhala pansi akunjenjemera, refari n'kunena kuti chibakeracho chatsika kwambiri, n'kumupatsa nthawi yopuma. Ndinawayankha kuti, "Amalume, chibakera chimenecho ndachionera kambirimbiri, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake anthu amakangana. Koma onani zotsatira zake." Usyk atadzuka, Dubois sanapezenso khomo. Anagwada mu raundi 8, ndipo mu raundi 9 anagwa ndi chibakera chachifupi cha dzanja lakutsogolo, osadzukanso mpaka refari kumaliza kuwerenga. Pa mapointi anga, maraundi amene Dubois anatenga usiku umenewo ndi ochepa kwambiri.

Amalume ali ndi mfundo imodzi yomwe sindingaikane. Dubois wa lero si wa 2023. Kuchokera nthawi ija wamaliza Jarrell Miller, wamaliza Filip Hrgovic, ndipo mu Seputembala 2024 anagwetsa Joshua mu raundi 5 pa Wembley pomwepo. Pofika Julaye 2025, lamba wa bungwe la nkhonya la IBF anali naye. Anthu ankati mtima wake ndi wofewa zikavuta, koma nkhonya ya Hrgovic analandira zibakera zolemera maraundi oyamba osabwerera m'mbuyo. Mu Julaye 2025 anali ndi zaka 27, Usyk 38. Miyendo ya munthu wa zaka 38 ikhoza kukana usiku uliwonse, ndipo Usyk amadya ndi miyendo.

Komabe anthu atatu amene Dubois wawamenyawo onse amaima patsogolo pake. Usyk ndi wamanzere, amatsogoza mwendo wamanja, ndipo ukamuponyera dzanja lamanja amakhala atasunthira kale kumbali. Chimenechi ndicho chinamuzunguza Dubois ku Poland, ndipo m'nkhonya zitatu zija sindinaone chilichonse chosonyeza kuti waphunzira kutseka njira ya munthu wozungulira. Mtima wakula, mphamvu zilipo, koma mapazi ndi omwe aja. Joshua nayenso anabwera ali bwinoko ku Jeddah mu 2022, anamupanikiza Usyk mu raundi 9, koma Usyk n'kubweza mu raundi 10 n'kupambana ndithu.

Ndiye ndalemba chonchi: Usyk apambana nkhonya isanafike kumapeto, pakati pa raundi 8 ndi raundi 10. Mwayi wa Dubois uli m'maraundi anayi oyamba, makamaka akamamenya m'mimba. Akafika raundi 6 asanamugwedeze Usyk, zatha.

Chatsopano ulendo uno n'chakuti ndawonjezera mzere wachitatu patsambali, wowerengera zibakera za m'mimba zokha, poti nkhani yonse ya anthu awiriwa inayambira pamenepo. Loweruka ndikaonera ku Matero. Amalume akuti batire la TV alitchaja kale, ndipo anditsimikizira kuti mawu sazimitsa, ndiye ndikakhala chakumbuyo ndi kope langa.