Ku Kansas City, kumene mpira wa amayi unadzimangira bwalo lakelake

Ndinapita ku Kansas City chifukwa cha Temwa Chawinga, ndipo sindikuchita manyazi kunena zimenezi, popeza Mmalawi aliyense wokonda mpira amene wapezeka ku America ali ndi ndalama ya tikiti m'thumba akhoza kuchita chimodzimodzi. Komabe nditafika, chidwi changa chinapita kwambiri pa mbiri ya timu imene mwana wa ku Rumphiyu amasewera, ya Kansas City Current, chifukwa ndi timu yatsopano yokhala mumzinda umene unatayapo kale timu ina yamphamvu.

Mzindawu uli pamalire a zigawo ziwiri, Missouri ndi Kansas, ndipo bwalo la CPKC Stadium lili mbali ya Missouri, m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wa Missouri. Ndinayenda wapansi kuchokera kudera la River Market pamodzi ndi khamu la anthu ovala zofiira ndi zobiriwira motuwira, ambiri mwa iwo mabanja athunthu, agogo ndi adzukulu omwe. Atsikana ang'onoang'ono ambiri anavala malaya a nambala 6 olembedwa dzina la Chawinga kumsana, ndipo ndinaona kuti n'zosangalatsa kumva azungu akulimbana ndi katchulidwe ka dzinalo mpaka kulikhoza.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene anthu a kuno amanyadira bwaloli, ayenera kubwerera ku chaka cha 2013, pamene NWSL, ligi yaikulu ya mpira wa amayi ku America, inayamba. Masewera oyambirira enieni a ligiyi anachitikira m'dera lomweli mu Epulo chaka chimenecho, pakati pa FC Kansas City ndi Portland Thorns, ndipo matimuwa anafanana mphamvu 1-1 pabwalo lobwereka la masukulu a sekondale ku Overland Park. FC Kansas City sinali timu yamasewera. Motsogozedwa ndi mphunzitsi Vlatko Andonovski, komanso ili ndi akatswiri monga Lauren Holiday, Becky Sauerbrunn ndi Amy Rodriguez, inatenga chikho cha ligi mu 2014 ndi 2015, ndipo zaka zonse ziwirizo inagonjetsa Seattle Reign mu ndime yomaliza. Ngakhale zinali choncho, timuyi inkangosamukasamuka m'mabwalo a eni ake ngati munthu wa lendi, ndipo pofika Novembala 2017 inatha, osewera ake n'kupita ku timu yatsopano ya Utah Royals. Zikho ziwiri sizinakwanitse kuipulumutsa, ndipo m'maganizo mwanga apa ndi pamene pagona phunziro limene eni timu ya lero anatolapo.

Kumapeto kwa 2020 zinthu zinatembenuka. Utah Royals inaima, ndipo Angie Long ndi mwamuna wake Chris Long, pamodzi ndi Brittany Mahomes, anabweretsanso mpira wa amayi mumzindawu potenga osewera a ku Utah aja. Chaka cha 2021 chinali chowawa, chifukwa timuyi inkasewerera pabwalo la baseball ndipo inathera kumchira kwa ligi. Dzina loti Current linabwera kumapeto kwa chaka chomwecho. Mu 2022 inasamukira ku Children's Mercy Park, bwalo la timu ya amuna ya Sporting Kansas City, n'kufika mpaka mu ndime yomaliza, kumene inagonja 2-0 ndi Portland Thorns. Patrick Mahomes, katswiri wa mpira wa chi America wa timu ya Chiefs, analowa m'gulu la eni timu mu 2023.

Chimene eni timuwa anachita mosiyana ndi am'mbuyo n'chakuti anayamba ndi kumanga. Mu 2022 anatsegula malo ochitira zokonzekera ku Riverside, kutsidya kwa mtsinje, ndipo pa 16 Malichi 2024 anatsegula CPKC Stadium, limene limatchulidwa kuti ndi bwalo loyamba padziko lonse kumangidwira timu ya amayi yolipidwa. Mlendo wa tsikulo anali Portland Thorns yomwe ija, ndipo Current inapambana 5-4. Bwaloli limalowa anthu 11,500, chiwerengero chochepa kwambiri poyerekeza ndi Bingu National Stadium ku Lilongwe, koma nditakhala pampando ndinamvetsa nzeru yake: mipando ili pafupi ndi kapinga moti mawu a osewera amamveka, ndipo bwalo likadzaza phokoso silimwazika. Alipo amene amati eni timu anaganiza mochepa ndipo akanamanga lalikulu. Ine ndikuona kuti bwalo laling'ono lodzaza limathandiza osewera kuposa lalikulu lokhala ndi mipando yopanda anthu, ngakhale ndikuvomereza kuti matikiti ake si otchipa.

Temwa anafika mu Januwale 2024 kuchokera ku Wuhan m'dziko la China, atasewerapo kale ku Sweden, ndipo anapeza Andonovski atabwerera mumzindawu atasiya kuphunzitsa timu ya dziko la America. M'chaka chake choyamba anamwetsa zigoli 20, kuposa zigoli 18 zimene Sam Kerr wa ku Australia anamwetsa mu 2019, zomwe zinali zochuluka koposa m'chaka chimodzi cha ligiyi, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi. Kumuona ndi maso n'kosiyana ndi kumuona pa kanema. Kanema amatsatira mpira, choncho saonetsa mmene Temwa amayambira kuthamanga mpira usanachoke kuphazi la mnzake, kapena mmene otchinga kumbuyo amabwererera m'mbuyo asanaone n'komwe kumene akulowera. Nthawi iliyonse imene mpira unaponyedwa kutsogolo, mbali yonse imene ndinakhala inkaimirira.

Anzathu a ku Zambia nawonso ali ndi gawo m'mbiri ya bwaloli. Ndime yomaliza ya ligi ya 2024 inachitikira pomwepa mu Novembala, ndipo Orlando Pride, imene inali itatulutsa Current mu ndime ya matimu anayi, inagonjetsa Washington Spirit 1-0 ndi chigoli cha Barbra Banda wa ku Zambia. Ochemerera a Kansas City anaonerera mlendo akunyamula chikho pakhomo pawo.

Mu 2025 Current inatsogola pa mndandanda wa ligi n'kutenga NWSL Shield, mphotho ya timu yothera pamwamba pa mndandandawo, Temwa anamwetsanso zigoli zambiri kuposa wina aliyense, koma timuyi inatuluka msanga m'masewera opirikitsana olimbirana chikho cha ligi itagonja ndi Gotham FC. Bambo wina wachikulire amene tinayendera limodzi potuluka anandiuza kuti anayamba kuchemerera timu yakale ija kuyambira pabwalo la sekondale, ndipo amakumbukira bwino zikho za 2014 ndi 2015, koma akudikirabe tsiku limene chikho chidzanyamulidwe ndi timu ya kwawo pabwalo lake.