Nthawi yoyenera kuthira feteleza ku maluwa a m'nyumba

Duwa la mumphika limadya pokhapokha pamene likukula. Mukaona tsamba latsopano likutambasuka, kapena mphukira ikutuluka m'mbali mwa tsinde, dziwani kuti mizu ikukoka chakudya ndipo feteleza agwira ntchito. Koma duwa likangokhala phee kwa milungu ingapo, feteleza amene mungathire amangounjikana m'dothi n'kuyamba kuwotcha mizu.

Kuno kwathu maluwa ambiri amadzuka kukayamba kufunda mu Seputembala, ndipo amakula mpaka cha mu Epulo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, makamaka chiperoni chikamaphimba dzuwa ku Blantyre ndi ku Thyolo, botolo la feteleza lisungeni. Okhala ku Britain nyengo yawo ndi yotembenuka: amathira kuyambira Malichi mpaka Seputembala. Kuwala nakonso kumalamula. Duwa lokhala pakona yamdima limakula pang'onopang'ono, choncho silingadye mofanana ndi la pazenera kapena pakhonde.

Maluwa amasamba okula msanga monga pothos, spider plant ndi peace lily, apatseni feteleza wosungunula m'madzi kamodzi pa milungu iwiri kapena inayi. Aloe vera, snake plant ndi cactus, kawiri kapena katatu pachaka n'kokwanira.

Pa mulingo ndi pamene ambiri amaphera maluwa awo. Thirani theka la zimene zalembedwa pabotolo: akati mamililita 10 pa lita imodzi, inu ikani 5, yomwe ndi supuni imodzi ya tiyi. Ngati ndi waufa wolembedwa 20-20-20, theka la supuni ya tiyi m'malita 4 a madzi ndi lokwanira. Manambala atatuwo akuimira nayitrojeni wobiriwitsa masamba, fosiforasi wothandiza mizu ndi maluwa, ndi potaziyamu wolimbitsa chomera chonse. Yureya wotsala kumunda wa chimanga musamuyese n'komwe. Ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, ndipo mumphika mulibe kothawira: kumunda mvula imamumwaza m'nthaka yaikulu, pomwe muno yense amathera pamizu yopanikizana m'dothi lochepa. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotchanso chimodzimodzi. Ngati mukufuna manyowa, akhale owolerana bwino, akuda, osanunkha, ndipo muyale masentimita awiri okha pamwamba pa dothi osakhudza tsinde.

Dothi louma salithira feteleza. Yambani mwathirira madzi wamba, dikirani ola limodzi kapena kuposerapo, kenako thirani osakaniza aja mpaka ayambe kudontha pansi pa mphika. Otsalira m'mbale yapansi atayeni.

Duwa limene mwangoliwokera m'dothi latsopano logula lisiyeni milungu 6 mpaka 8, chifukwa dothilo kawirikawiri limabwera ndi chakudya chake, komanso mizu yoduka imafunika kupola kaye. Lofota kapena logwidwa ndi nsabwe nalonso musalithire feteleza. Apa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa masamba achikasu amanamiza. Munthu amati duwa lili ndi njala, chonsecho nthawi zambiri vuto ndi madzi ochuluka. Pisani chala m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri. Mukamva chinyontho ndi kafungo kowola, mizu yayamba kuvunda, ndipo feteleza angoitsiriza. Njala yeniyeni imayambira pa masamba akale am'munsi, amene amayezuka pang'onopang'ono, atsopano n'kumatuluka ang'onoang'ono.

Mukapyola muyeso, nsonga za masamba zimauma n'kuda ngati zawauka, ndipo pamwamba pa dothi ndi m'milomo ya mphika mumachita zoyera zokhakhala. Palani zoyerazo ndi supuni, tengerani mphika panja, ndipo tsanulirani madzi ochuluka kuwirikiza katatu kukula kwa mphikawo, pang'onopang'ono, azitulukira pansi. Mphika wopanda mabowo uboolenitu musanayambe. Mukatero musathirenso feteleza kwa mwezi wathunthu, ndipo podzayambiranso chepetsani mulingo ndi theka.