Ndaigula MGB ija

Abale anga, lero mtima wakhala m'malo. Patatha zaka zitatu ndikusunga ndalama pang'onopang'ono, ndabwera nayo pakhomo galimoto ya MGB Roadster ya 1972, yobiriwira, ya mipando iwiri basi.

Andigulitsa ndi bambo ena achikulire a kufupi ndi Oxford. Mawondo ayamba kuwavuta, moti kulowa m'galimoto yotsika chonchi sakuthanso. Asanandipatse makiyi anayamba aisisita kaye pa boneti, ine misozi inalengeza.

Galimoto zimenezi ankazipangira ku Abingdon, tauni ya kufupi ndi Oxford ku England, kuyambira 1962 mpaka pamene fakitale inatsekedwa mu 1980. Ndinkafunitsitsa ya mabampa achitsulo onyezimirawa, chifukwa chakumapeto kwa 1974 anayamba kuika a labala akuda n'kuikwezako m'mwamba potsatira malamulo a ku America. Kwa ine, pamenepo inatha kukongola.

Amene mukuganiza zogula, musathamangire injini. Ya 1798cc imeneyi ndi yolimba, ndipo masipeya ake savuta kupeza. Mdani weniweni ndi dzimbiri. Ndinagona chagada pansi ndi tochi, n'kumayendetsa kamaginito m'munsi mwa zitseko monse. Pomwe maginito sakugwira, dziwani kuti anamatapo pofuna kubisa chitsulo chowola. Ziwiri ndinazisiya chifukwa cha zimenezi, ngakhale penti yake inali yowala bwino.

Poti inadutsa zaka 40, kuno ku England msonkho wa pamsewu sindilipira ndipo MOT (kuyezetsa galimoto chaka ndi chaka ngati ili bwino kuyenda pamsewu) siyokakamiza, komabe ndipita nayo akaione mabuleki. Denga lake lansalu likudontha pakona imodzi, ndilisintha nyengo yozizira isanafike. Loweruka likubwerali ndikaiyendetsa mpaka ku Abingdon komwe inabadwira.